Chipilala Cham'nsungwi

Bambo anga anthu sankawadziwa ndi dzina lina koma loti A Laimu. Ngakhale kalaliki wa ku khonsolo, munthu woti fayilo yawo ili m'manja mwake, ankasuzumira pawindo n'kuitana kuti A Laimu alowe. Dzinalo linawakanirira chifukwa cha manja awo. Laimu anawadya zikhatho mpaka kung'aluka, m'zikhadabo munkakhala mbee chaka chonse, moti mayi ali moyo ankawaseka kuti iwo anakwatiwa ndi khoma la ofesi.

Ntchito yawo inali yosamala zipilala za m'malire. Anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli ntchito yotero, koma bambo anaigwira zaka makumi atatu ndi chimodzi.

Boma lathu ndi lalitali, lopyapyala ngati lamba. Maofesi onse ali kumutu kwake, pafupi ndi msewu wa phula. Ife tinali kumchira, wodi yomaliza, kuseri kwa phiri, ndipo kumadzulo ndi kumwera kwathu kunali dziko lina. Kuti ukafike ku maofesi unkapalasa njinga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo mvula ikakwiya milatho iwiri inkamira, basi n'kukhala ngati boma latiiwala. Chigayo chapafupi chinali kutsidya, chipatala chapafupi kutsidya, msika wabwino kutsidya. Koma musayerekeze kuwauza bambo kuti ndiye bola tikanangokhala akutsidya. Anali munthu wa boma mpaka m'mafupa. Wailesi ikalowa yokha pa siteshoni ya kutsidya ankaitseka ngati yawatukwana.

Zipilala zawo zinalipo makumi awiri ndi ziwiri, kuyambira pamsonga pa phiri mpaka pamene mtsinje umalowa m'phompho. Chilichonse ndi cha simenti, chofika m'chifuwa, nambala yake yozokotedwa pamwamba. Lamulo la ntchitoyo linali loti dziko lililonse lipake laimu mbali imene yayang'ana kwawo. Kawiri pachaka, mvula ikatha ndiponso isanayambe, bambo ankanyamula ndowa, bulashi ndi chikwanje, n'kumatchetcha mapazi awiri mbali iyi ndi iyo, kupala ndere, kupaka, kenako kulemba m'buku lawo lachikuto chakuda kuti chipilala chakuti chili bwino.

Kutsidya kunalinso mnzawo wa ntchito yomweyo, mkulu wina wamfupi amene tinkamutcha A Chisoti, poti sankavula chisoti chake chachitsulo ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ankakumana kamodzi kapena kawiri pachaka, n'kukhala pansi wina mbali iyi wina mbali iyo, kugawana tiyi wa m'fulasiki ndi kudandaula za mabondo. Koma panalibe amene ankakhudza mbali ya mnzake. Laimu wa bambo akadonthera mbali ya A Chisoti, bambo ankapepesa n'kumupukuta ndi nsanza. Ine ndinkaseka kuti akuluakulu awiri akulemekezana chifukwa cha mwala.

M'buku la bambo munali mzere umodzi umene sunkasintha. Pa nambala 17 ankalemba chaka ndi chaka kuti chinakokoloka ndi madzi. Limenelo linali bodza, bodza lokhalo limene ndikudziwa kuti bambo ananama pa moyo wawo, ndipo ndilo linkasunga mudzi wathu.

Nkhani yake inali yotere. Kale chipilala cha 17 chinali m'mphepete mwa mtsinje. Chaka china, ine ndisanabadwe, kunagwa chimvula cha masiku asanu ndi anayi. Mtsinje unasiya njira yake, n'kukadzikumbira ina mkati mwa dziko la kutsidya, mtunda woti munthu kuyenda mphindi makumi awiri, ndipo chipilalacho unachikwirira mumchenga. Anthu akwathu amene nyumba zawo zinagwa anasamukira pachitunda chimene chinatsala pakati pa khwawa lakale ndi mtsinje watsopano. Kwa iwo malire anali mtsinje, ndipo mtsinje unali kuseri kwawo, ndiye vuto linali pati? Khonsolo nayo inaganiza chimodzimodzi. Inalemba mudziwo m'kaundula, inamanga sukulu ya zipinda zinayi, inakumba mjigo. Mabwana a kutsidya sanabwereko n'komwe, poti maofesi awo ali kutali kuposa athu.

Bambo atangoyamba ntchito, akadali mnyamata wokwatira kumene, anachipeza. Khasu lawo linagunda simenti m'khwawa lakale lija, anafukula pang'ono n'kuona nambala. Ataimirira n'kuyang'ana chipilala cha 16 paphiri ndi cha 18 kumunsi, anaona kuti mudzi wonse, pamodzi ndi nyumba imene anali atangoifolera, uli kunja kwa mzere. Anakwiriranso, n'kubzalapo nsungwi. Nsungwizo zinakula n'kukhala chitsamba chachikulu, ndipo tonse tinkadulapo zomangira nkhokwe osadziwa chimene chagona pansi pake. Mayi anamwalira osadziwa. Ine ndinadzazimva zinthu zitathina kale.

Chaka chimene maiko awiriwa anagwirizana zoyenderanso malire awo, ine ndinali nditabwerera pakhomo banja litatha, ndikusoka zovala pakhonde ndi kusamala bambo. Ndiye kunabwera bwana watsopano woona za malo ku khonsolo. Anali wazaka ngati zanga, wamagalasi, wolankhula mofatsa ngati akuopa kudzutsa khanda. Anafika panjinga yamoto, n'kuvula chipewa asanapereke moni. Ndinamupatsa mpando, anakana, n'kukhala pamkeka pafupi ndi bambo. Ndivomere, nanenso anandigwira mtima, ndipo ndikakumbukira mbale zimene ndinamutsukira ndimafuna kudziluma chala.

Pa zaka zonsezo panalibe bwana ngakhale mmodzi amene anayendapo mzere wa zipilala ndi bambo. Ankangosaina buku lija osaliwerenga. Uyu anayenda nawo masiku asanu, kukwera phiri, kuwoloka madambo, matope mpaka m'mawondo. Anawalanda ndowa n'kuinyamula yekha. Anawafunsa chifukwa chake amasakaniza mchere mu laimu, n'kulemba yankho lawo m'kabuku. Tsiku lachitatu anawauza kuti bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo anasiya kuwatcha achikulire n'kuyamba kuwatcha bambo. Ife tinabadwa atatu, akazi okhaokha. Ndinaona mmene bambo ankamuyang'anira akamasamba m'manja, ndipo ndinadziwa kuti alowa nazo mumtima.

Anali ndi kamakina kam'manja koonetsa malo. Akafika pa nsungwi paja ankazungulirazungulira, kuyang'ana kamakinako, kuyang'ana bambo. Bambo ankangoti madzi anatenga. Anabweranso kachiwiri, kachitatu, ulendo wina atawagulira nsapato zamphira, ulendo wina mankhwala opaka m'manja. Ulendo wachinayi anakhala nawo pakhonde, ine ndili pa makina anga osokera, ndipo anawafotokozera bwinobwino. Anati mabwana a maiko awiriwa akubwera mwezi wamawa. Chipilala chikapanda kupezeka, akutsidya adzangojambula mzere ndi makina awo, ndipo mudzi udzapita popanda woulankhulira. Koma chikapezeka, iye adzalemba lipoti loti anthuwa akhala pano zaka pafupifupi makumi anayi, ali ndi sukulu, manda ndi mjigo wa boma, ndipo malamulo amalola kusinthana malo kuti mudzi wokhazikika usasunthe. Anati choonadi chokha ndicho chingatipulumutse.

Bambo anakanda laimu wa m'zikhadabo. Kenako anafunsa kuti, “Ndiye mudziwu ukhalabe wa boma lathu?”

“Bambo, ine ndingakunamizeni inu?” anatero bwana uja, atawagwira dzanja. “Palibe dzina ngakhale limodzi limene lidzachoke m'kaundula. Mudzi uno ndiutenga ngati kwathu.”

Mawa lake anabwera ndi khansala wa wodi yathu kuti adzatsimikize. Pamenepo ndiye ndikanatsegula maso. Khansala ameneyu mudzi wathu sunamuvotere, ndipo iye ankadziwa, moti chisankhidwire anali asanapondeko. Komanso khonsolo inali itavomereza kuti kachipatala ka wodi yathu kamangidwe kwathu, osati kwawo. Koma tsiku limenelo anafika akumwetulira mano onse panja, n'kunena kuti nkhaniyo akaimenyera yekha m'chipinda cha khonsolo. Bambo sanafunse munthu wina aliyense nzeru. Kwa iwo mawu a ofesi anali mawu a ofesi.

Anakumba Lachiwiri m'mawa. Kunabwera magalimoto atatu, mabwana a mbali zonse ziwiri, wina ndi kamera. Mudzi wonse unatuluka kudzaonerera, anthu akuseka kuti boma layamba kulimbana ndi nsungwi. Bambo anatsogola, anayenda mozungulira chitsambacho, n'kuloza ndi chikwanje. Anadula, anazula mizu, anakumba kufika m'chiuno, fosholo n'kulira pa simenti. Atachipukuta, nambala inaoneka bwinobwino ngati yalembedwa dzulo. Mabwana anaomba m'manja. Kenako mmodzi anaimika chitsulo chake chamiyendo itatu, anayang'ana kuphiri, anayang'ana kumunsi, n'kukhoma zikhomo zofiira m'khwawa lakale lija. Kuseka kunatha. Aliyense ankatha kuona yekha kuti nyumba zathu zatsala mbali ina ya zikhomozo.

Mayi wina woyandikana nafe, amene ankagulitsa tomato pasukulu, anawayandikira bambo n'kuwafunsa chapansipansi kuti nanga ife tili mbali iti. Bambo anamuuza kuti mtima ukhale m'malo, bwana wa malo akonza zonse. Anawauza anthu onse chomwecho, khomo ndi khomo, sabata yathunthu. Anaika nkhope yawo pachikole cha mawu a munthu wina.

Mwezi unatha, wachiwiri, wachitatu, njinga yamoto ija osamveka. Zinthu zinayamba kuchoka chimodzichimodzi, mwakachetechete. Aphunzitsi awiri analandira makalata owasamutsa, ndipo m'malo mwawo simunabwere wina. Mjigo utathyoka tinatumiza uthenga, wokonza anayankha kuti mudzi wathu suli pa ndandanda yake. Njerwa za kachipatala, zimene tinaumba tokha, zinamera udzu, kenako tinamva kuti maziko akukumbidwa kwawo kwa khansala. Olemba zitupa za unzika atabwera, anaika tebulo lawo tsidya lina la khwawa, n'kunena kuti malangizo awo akuthera pa zikhomo zofiira.

Bambo ankati ndi chisokonezo chabe cha mapepala. Anavala jekete lawo, ananyamula buku lakuda lija, ndipo ine ndinakana kuti apite okha. Tinafika ku maofesi a khonsolo masana, tinakhala pa benchi ya m'khonde pafupi ndi ndowa yozimira moto yodzaza mchenga ndi zotsalira za ndudu. Chitseko cha ofesi ya malo chinali chotseka, pepala la dzina atalimatula. Kalaliki uja ndiye anatimvera chisoni n'kutilowetsa. Anatiuza kuti bwana wa malo anakwezedwa, ali ku likulu tsopano, poti boma lathu lokha ndilo linapeza zipilala zake zonse popanda chosowa.

Pakhoma la chipinda cha misonkhano panali mapu atsopano, onunkhira inki. Bambo anawayandikira, anatsata mzere ndi chala kuchokera paphiri, 15, 16, 17. Pamene panayenera kukhala mudzi wathu panali poyera, popanda ngakhale kadontho. Kalaliki anatulutsa lipoti lija, akuyang'ana kukhomo kuopa akuluakulu, n'kutipatsa kuti tiwerenge msanga. Linkati chipilala cha 17 chinapezeka ndi makina amakono. Za mudzi linali ndi mzere umodzi wokha, loti pali mabanja amene anakhala molakwika pa malo a dziko loyandikana nalo. Za sukulu ayi, za manda ayi, za kusinthana malo ayi. Khonsolo inavomereza malire atsopano a wodi pa msonkhano umodzi, ndipo amene anaimirira koyamba kuvomereza anali khansala wathu yemwe.

Tinakumana naye panja akukwera galimoto. Anati nkhani za malire ndi za ku likulu, khonsolo ilibe nazo mphamvu, n'kukweza galasi. Ndinamunena mawu amene sindingawalembe pano, ndipo sindinapepese mpaka lero.

Panalinso kalata ya bambo, imene inakhala mu fayilo milungu isanu poti panalibe woipititsa kunja kwa dziko. Inkawathokoza chifukwa cha ntchito yawo, n'kuwadziwitsa kuti khonsolo singalembe ntchito munthu wokhala kunja kwa boma. Anaiwerenga kawiri, anaipinda bwinobwino, kenako anandipempha kuti ndimuimbire bwana wa malo uja, amene ankamutenga ngati mwana wawo, poti mwina sakudziwa zimene anzake achita atachoka. Kalaliki anatipatsa nambala yatsopano. Ndinaimba, ndinawapatsa foni, ndipo ndinkamva zonse poti inali yokweza mawu.

“Ndine, mwana wanga,” anatero bambo. “Ndine A Laimu, wa ku 17.”

Kunamveka anthu akuyankhula chapatali ndi makapu akugundana.

“Pepani achikulire, mwina mwalakwitsa nambala.”

Mawu anali omwewo, ofatsa ngati akuopa kudzutsa khanda. Bambo anandibwezera foni ndi manja awiri. Tikupalasa njinga kubwerera, pamlatho wachiwiri anangondiuza kuti tayala langa lakumbuyo likuchepa mpweya.

Kumudzi panalibe anawagenda kapena kuwatukwana pamaso. Zikanakhala bwino akanatero. Anthu ankangodutsa pakhomo pathu atayang'ana kumbali. Amene anasiya nsalu zawo kuti ndisoke anatuma abale awo kudzazitenga zosasoka. Mayi wa tomato uja, amene mayi anga anamuthandiza pobereka ana ake onse, anatseka kanjira kodutsa pakati pa nyumba zathu ndi minga. Ndinkapsa mtima, koma ndikanawauza chiyani? Ana awo anali opanda aphunzitsi, iwo opanda zitupa, kuno akukanidwa, kutsidya sakudziwika. Akutsidya anangotumiza uthenga woti tikhale pomwepo, adzabwera kudzatilemba akadzapeza mafuta a galimoto.

Mvula itatha, nthawi yawo yopaka itakwana, ndinawaona m'mawa akusungunula laimu amene anatsala m'thumba. Ndinawakumbutsa kuti ntchito inatha. Anati akudziwa, koma chipilala chija chakhala zaka zonsezi chosapakidwa, ndipo si bwino kuchisiya chomwecho. Ndinasiya makina n'kuwatsatira, poti ukalamba unali utayamba kuwafooketsa.

Mabwana aja anali atachidzutsa n'kuchiimika pa maziko atsopano, pakati pa zitsa za nsungwi. Bambo anafika, anatula ndowa, anaviika bulashi, n'kukweza dzanja. Kenako anaima. Mbali imene anaimayo, yoyang'ana kunyumba kwathu, sinali yawo. Anatenga ndowa, anazungulira chipilalacho, n'kukaima mbali ya boma lathu. Atadzutsa mutu, pamwamba pa chipilala ankaona denga lathu, chitseko chimene ndinasiya chotsegula, ndi mtengo wa mango wa kumanda kumene kunagona mayi. Anakhala choncho, laimu akudontha pa nsapato zamphira zija.

Ndi pamene tinamva belu la njinga. Anali A Chisoti, ndowa yawo ili pakaliyala. Anatsika movutikira, anapereka moni, anakhala pachitsa n'kutsegula fulasiki monga mwa masiku onse. Anathira tiyi m'chivindikiro n'kupatsa bambo, bambo osalandira. Ndiye A Chisoti anayamba kulankhula akuyang'ana pansi. Anati iwo ankadziwa kuyambira kalekale. Munthu wa zipilala sangalephere kudabwa nsungwi zomera zokha pakati pa mchenga, ndendende pamzere wa 16 ndi 18. Koma nawonso m'buku lawo ankalemba chaka ndi chaka kuti chinakokoloka ndi madzi. Anati poti mabuku onse awiri ankanena chimodzimodzi, mabwana a mbali zonse anali atagwirizana kale kuti pa 17 malire angotsata mtsinje, ndipo pepala lake linkangodikira kusainidwa. Bwana wathu wa malo ankadziwa zimenezo, poti pa msonkhanowo analipo.

Ine ndinakhala pansi pamchenga pomwepo. Bambo anafunsa ndi mawu osasa kuti, “Ndiye inu zaka zonsezi, mabwana anu osawauza?”

“Anandifunsa kangapo,” anatero A Chisoti. “Koma kwathu palibe amene anandinyamulirapo ndowa.”

Bambo anayang'ana bulashi imene inali m'manja mwawo. Ndinaganiza kuti aiponya kutali kapena alira, koma sanachite zonsezo. Anaipukuta pamkombero wa ndowa monga ankachitira nthawi zonse, anaigoneka pamwamba pa chipilala, pa nambala penipeni, n'kusiya ndowa patsinde pake. Kenako anazungulira kubwerera mbali ya kunyumba, anakhala pansi pafupi ndi A Chisoti, n'kulandira tiyi uja.

Anakhala ndi moyo zaka zina ziwiri. Manja awo anapola, zikhadabo zinada ngati za munthu wina aliyense, moti mng'ono wanga atabwera kudzawaona anati sakuwazindikira manja. Buku lakuda lija ndili nalo m'bokosi la ulusi. Anagona pafupi ndi mayi, m'dziko limene wailesi yake ankaitseka, ndipo ku khonsolo sikunabwere munthu.

Ndimadutsa pa chipilalacho ndikamapita kukatunga madzi ku mjigo wa tsidya lina la khwawa. Mbali yoyang'ana kwathu A Chisoti amaipakabe kawiri pachaka, imawala mbee. Mbali inayo, imene bambo anaitumikira zaka makumi atatu ndi chimodzi, sinalawepo laimu ngakhale kamodzi, ndipo yachita ndere mpaka pamwamba.